Ndege ya pa tebulo ndi nzeru za wokhoma zidebe

Mukatsegula bokosi la Spitfire Mk.IXc ya sikelo ya 1/32, imene kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka m'dziko la Japan inatulutsa mu 2009, simupezamo ndege. Mupezamo mafelemu a pulasitiki yotuwa, ndipo pa felemu iliyonse pali tizidutswa tolendewera pa timinga ting'onoting'ono, kalikonse ndi nambala yake. Mulinso kabuku ka malangizo, mapepala a zizindikiro zomata, timaginito ndi matayala a labala. Pambali, m'kajumbo kakekake, muli timapepala tachitsulo tosalala, tong'azima, tobooledwabooledwa, tokhala ndi mizere imene diso siliona bwino popanda galasi lokulitsa. Omanga ndege zoterezi amatitcha photo-etch, ena amangodula kuti PE. M'bokosi monsemo palibe chopepuka kuposa timapepala timeneti, koma ndi timene timadya nthawi yochuluka, ndiponso ndi timene timachititsa ambiri kutseka bokosi n'kuliponya pamwamba pa kabati ndege isanathe.

Sikelo ya 1/32 ikutanthauza kuti muyezo uliwonse wa ndege yeniyeni augawa ndi 32. Mapiko a Spitfire, kuchokera nsonga ina kufika inzake, ndi mamita 11.23. Pa tebulo amakhala masentimita 35. Pa sikelo ya 1/72, imene ambiri amayambira, amakhala osakwana masentimita 16, pamene pa 1/24 amayandikira 47. Wina angaganize kuti ndege yaikulu ndiyo yosavuta popeza tizidutswa take timagwirika ndi zala. Kugwirika n'koona, koma kukula kuli ndi msampha wake. Pa 1/72 mukhoza kupenta mizere iwiri pampando wa woyendetsa ndege n'kunena kuti ndi malamba, palibe angakutsutseni. Pa 1/32 diso limalowa m'chipinda cha woyendetsa n'kuyamba kufunsa. Zomangira za malamba zili kuti? Nanga chitseko chakhuthala chonchi bwanji?

Ndege zapulasitiki zodzimangira si za lero. Kampani ya Frog ya ku Britain inayamba kugulitsa za sikelo ya 1/72 mu 1936, chaka chomwecho chimene Spitfire yoyamba ya R. J. Mitchell inauluka pa 5 Malichi ku Eastleigh, pafupi ndi Southampton. Kampani ya Airfix inatulutsa Spitfire yake yaing'ono m'zaka za m'ma 1950, yogulitsidwa m'majumbo m'masitolo a Woolworths, ndipo mu 1970 inabwera ndi yaikulu ya 1/24 imene inali ndi injini m'kati. Pa zaka zonsezi amisiri osema zikombole akhala akuwonjezera luso, koma pali malire amene pulasitiki sidumpha. Tizidutswa timapangidwa popopera pulasitiki yosungunuka m'chikombole chachitsulo, ndipo mpata ukachepetsetsa pulasitiki imauma isanafike kumapeto. Choncho wosema chikombole amakhuthalitsa dala chilichonse chopyapyala. Tsopano werengani nokha. Milimita imodzi pa sikelo ya 1/32 ndi mamilimita 32 pa ndege yeniyeni. Lamba wapulasitiki wokhuthala milimita imodzi ndiye kuti akuimira lamba wa masentimita atatu kukhuthala kwake, chinthu chimene palibe munthu anadzimangirirapo nacho. Kapepala ka brass, mkuwa wosakaniza ndi zinc, kamakhala pafupifupi mamilimita 0.15. Chulukitsani ndi 32, mupeza mamilimita osakwana asanu. Sikunafike penipeni, koma diso limavomera. Phindu lonse la PE lagona pa kupyapyala kumeneku basi.

Kuti mumvetse mmene timapepala timeneti amatigwiritsira ntchito, pitani kuseri kwa msika, kumene kumamveka kuti kho kho kho kuyambira m'mawa, mukaime kaye pafupi ndi wokhoma zidebe. Ndowa, mbaula, bafa, zonse zimayamba zili lata lathyathyathya. Mmisiri amalemba mizere ndi msomali, amadula ndi sizasi yake yaikulu, kenako amaika lata pa chidutswa cha njanji n'kumalipinda ndi nyundo yamtengo. Asanadule amakhala ataiona kale ndowa yonse m'mutu, akudziwa mbali yoyamba kupinda ndi yotsiriza, chifukwa akatseka msanga mbali ina nyundo sidzapezanso polowera. Womanga ndege amene watulutsa PE m'kajumbo wasiya ntchito ya pulasitiki ndipo wakhala pa mpando wa mmisiri ameneyu, kungoti lata lake lonse limakwana m'chikhatho.

Amasiyana pa kadulidwe. Palibe sizasi ingadule chomangira lamba cha milimita imodzi chokhala ndi bowo pakati. Kufakitale amadula ndi kuwala ndi mankhwala. Amatenga pepala la brass kapena la chitsulo chosachita dzimbiri n'kulikuta mbali zonse ziwiri ndi utoto umene umalimba ukawombedwa ndi kuwala kwa ultraviolet. Pamwamba amaikapo filimu yokhala ndi chithunzi cha tizidutswa tonse, n'kuwalitsa. Pamene kuwala kwafika utoto umalimba, pamene filimu inatchinga umatsukika n'kusiya chitsulo pamtunda. Kenako amawaza mankhwala odya chitsulo, kawirikawiri ferric chloride, ndipo amadya pokhapo pamene palibe utoto. Njira yake ndi imodzimodzi ndi imene amalembera timizere tamkuwa pa timabolodi tobiriwira ta m'kati mwa wailesi. Mankhwalawo sadya molunjika pansi pokha, amalumanso cham'mbali, n'chifukwa chake bowo silingachepe kwambiri kuposa kukhuthala kwa pepalalo.

Luso lenileni lili poti mbali ziwirizo sazijambula mofanana. Pamene mankhwala adya kuchokera kumwamba ndi kunsi, pamabooka. Pamene adya mbali imodzi yokha, pamatsala theka la chitsulo, ndiye pamakhala kangalande kosaya. Timingalande timeneti ndi mizere ya msomali ija ya wokhoma zidebe, yolembedwa kale kufakitale: timasonyeza popinda, ndipo timafewetsa malowo kuti chitsulo chigonje pomwepo osati pena. Kawirikawiri kangalandeko kamatsalira m'kati mwa ngodya. Njira yomweyo ndi imene amatulutsira mitu ya misomali, mizere ya tizitseko, ngakhale ulusi wa pa lamba. Kampani yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Eduard ya ku Czech Republic, imene inayamba mu 1989 ndipo ili ku Obrnice pafupi ndi mzinda wa Most. Imagulitsa mapepala apadera a ndege za makampani ena, ambiri mwa iwo opentedwa kale, moti pa ndege imodzi munthu akhoza kugula la m'chipinda cha woyendetsa, la malamba, la kunja ndi la mapiko, mtengo wake wonse n'kumapikisana ndi wa bokosi lenileni.

Kudula kachidutswa pa pepala lake kumafuna pansi polimba. Wokhoma zidebe sakhomera pa mchenga, ndipo womanga ndege amene adulira PE pa mphasa yofewa yodulirapo pulasitiki amapeza kachidutswa katabinyira m'kati mpeni usanadutse. Amadulira pa galasi kapena pa thailo, ndi mpeni wa msonga yokhota, mokanikiza osati mocheka. Pamenepa ndi pamene pamachitika ngozi yodziwika kwa aliyense wa ntchitoyi. Mpeni ukangodutsa, kachidutswa kamadumpha n'kusowa. Mumangomva kuti tswii penapake pansi, basi. Omanga ndege a ku Ulaya amaseka kuti kapeti ya m'nyumba imadya tizidutswa ndipo sibweza. Ochenjera amamata tepi kuseri kwa pepala asanadule, ena amadulira m'jumbo yoonekera m'kati. Kachidutswa kakachoka kamatsala ndi kamunga kumene kanalumikizidwa, ndipo kamungako amakapala ndi tupa yaing'ono kachidutswa katapanidwa mwamphamvu pafupi ndi pomwe akupalapo, kuopa kuti kangapindike.

Popinda ndi pamene amisiri awiriwa amafanana kotheratu. M'malo mwa njanji pali kachipangizo ka zitsulo ziwiri zopanirana ndi sikuluu, kokhala ndi timano tosiyana m'lifupi. Kachidutswa amakapana mpaka kangalande kafike m'mphepete mwa dzino, n'kulowetsa lezala pansi pa mbali yotsala, n'kudzutsa pang'onopang'ono. Wopanda kachipangizoka amagwiritsa ntchito lula yachitsulo ndi lezala, ndipo zimatheka ndithu. Tiyerekeze kabokosi ka mbali zinayi kopanda chivundikiro, mamilimita atatu m'litali. Mukayamba ndi mbali zazifupi, zazitali zimasowa pozipanira. Mukayamba ndi zazitali, zazifupi mumazidzutsa ndi dzino laling'ono limene limakwana pakati. Malangizo nthawi zambiri amangoonetsa kabokosi katatha ndi mivi yokhota, dongosolo n'lanu.

Ndipo chitsulo sichiiwala. Aliyense amene anaduladulapo waya poupinda uku ndi uku akudziwa kuti pamene mwapinda pamalimba, kenako pamathyoka. Pa PE zimafulumira chifukwa pa kangalande patsala theka lokha la chitsulo. Mukapindira kolakwika n'kubweza, mwina kangakupirireni kamodzi. Mukabwerezanso mumatsala ndi tizidutswa tiwiri. Wokhoma zidebe akalakwitsa amatenga lata lina pamulu, koma pa pepala la PE tizidutswa tambiri tilibe tinzake tosinthira. N'chifukwa chake omanga odziwa amayamba aika kachidutswa pamalo pake kasanapindidwe, n'kuona kumanzere ndi kumanja, mkati ndi kunja, asanakhudze lezala.

Zokhota, monga chotchinga chozungulira kapena lamba amene ayenera kugwa mofewa pampando, zimafuna njira ina. Brass amaifewetsa pamoto: amaigwira ndi chopanira pamwamba pa lawi la kandulo kapena laitala mpaka isinthe mtundu, n'kuisiya izizire. Ikazizira imakhala yomvera, moti mukaikunkhuniza ndi kachitsulo kobulungira pa chinthu chofewa imakhota popanda makwinya. Kachidutswa kakang'ono kakachedwa pa lawi kamasungunuka, ndipo kopentedwa kale sikayandikira moto ngakhale pang'ono.

Kumata nako kuli ndi nkhani yake. Guluu wa pulasitiki samata monga mmene ambiri amaganizira. Amasungunula nkhope ziwiri za pulasitiki kuti zilowane, zikauma n'kukhala chinthu chimodzi. Pa chitsulo alibe chimene angasungunule, amangouma n'kugwa. Apa ndi pa ntchito ya supaguluu yemwe uja wa m'timachubu ta pa okala, amene dzina lake la sayansi ndi cyanoacrylate. Harry Coover ndi anzake anakumana naye mu 1942 akufufuza pulasitiki yoonekera m'kati ya zoyang'anira za mfuti, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1958 pa dzina la Eastman 910. Omanga ndege sadontheza kuchokera m'chubu. Amadontheza pa kachitini, n'kutapa ndi nsonga ya singano kapena ya kawaya, kadontho kosaoneka n'komwe, chifukwa kochuluka kamatumphukira m'mbali n'kukwirira mizere yonse imene munalipirira ndalama. Amagwira msanga, ndiye wa phala, wochedwerapo kuuma, ndi amene amapatsa munthu mpata wosuntha kachidutswa. Pafupi ndi galasi la chipinda cha woyendetsa supaguluu ndi mdani: nthunzi yake imasiya chifunga choyera m'kati mwa pulasitiki yoonekera, ndipo ndege ikatsekedwa simungapukutenso. Pamenepo amamata ndi guluu woyera wa akalipentala, amene amauma moonekera. Tizidutswa tachitsulo tokhatokha timene tiyenera kulimba, ena amatiwotcherera ndi mtovu, monga amachitira mmisiri uja potseka msoko wa ndowa kuti isadonthe.

Pamene PE imaonetsa mphamvu zake zonse ndi pa bolodi la mageji. Pakati pa bolodi la Spitfire pali kabolodi kapadera ka mageji asanu ndi limodzi othandiza kuuluka m'mitambo kapena usiku. Geji ya masentimita 8 imakhala mamilimita awiri ndi theka pa 1/32, ndipo palibe bulashi ingalembe manambala m'menemo. A Eduard amapanga bolodi la timapepala tiwiri kapena titatu tosanjikiza. Kakunsi kali ndi nkhope za mageji zosindikizidwa kale, mivi yoyera pa mdima wakuda. Kapamwamba kali ndi mabowo oyang'anizana ndi geji iliyonse. Mumapala pulasitiki ya bolodi loyambirira mpaka isalale, kumata kakunsi, kusanjika kapamwamba, kenako kudontheza vanishi wowala m'bowo lililonse kuti akauma aoneke ngati galasi. Mukaliyang'ana cham'mbali pa kuwala, geji iliyonse imaphethira payokha. Chimodzimodzinso masefa a zoziziritsira injini, zimene pa Mk.IX zili ziwiri, chimodzi pansi pa phiko lililonse. Sefa ya pulasitiki ndi khoma lolembedwa timizere. Ya chitsulo ili ndi mabowo enieni.

Tsopano yang'anani chogwirira cha ndowa. Wokhoma zidebe ali ndi lata lambiri, koma chogwirira sachidula pa lata. Amatenga waya wokhuthala wobulungira n'kuupinda, chifukwa akudziwa kuti pali zinthu zimene lata silingakhale. Opanga PE nthawi zina amaiwala zimenezi, kapena amazidziwa koma akufuna pepala lidzaze. Mumapeza pa pepala pali mapaipi a mabuleki, mawaya a injini, zogwirira, tizitsulo tokokera tokhala ndi mitu yozungulira, zonse zathyathyathya. Mukaziona kutsogolo zimanamiza, mukapendeketsa ndege pang'ono zimaoneka kuti ndi tizipepala. Kumanzere kwa chipinda cha woyendetsa Spitfire kuli kachitseko kogwera pansi, ndipo m'kati mwake munkakhala mgwala wothyolera galasi pa ngozi. Chitsekocho n'chopyapyala, PE ikhoza kuchithandiza. Mgwalawo ndi wobulungira, ndipo wa pulasitiki wa m'bokosi, kapena kawaya kophwanyidwa kunsonga, umaposa wa PE kutalitali. Paipi ya buleki imaoneka bwino ikakhala ya waya wa mtovu kapena wa mkuwa wosendedwa m'nthambo yakale ya magetsi. Kwa ine, munthu amene wamaliza ndege pepala la PE litatsala ndi tizidutswa tambiri sanataye ndalama, wangosankha bwino. Amene wamata kalikonse chifukwa choti kali ndi nambala ndiye wachotsa zabwino n'kuikapo zoipa, popeza pafupifupi kachidutswa kalikonse ka PE kamafuna kuti muyambe mwapala ka pulasitiki kamene kanali pamalopo.

Malamba ali pakatikati. Zomangira zake n'zachitsulo chathyathyathya, ndipo PE imazitulutsa bwino kwambiri. Koma lamba weniweni, wa mtundu wa Sutton umene oyendetsa ndege a ku Britain ankavala, anali wansalu, ndipo nsalu imagwa mwaulesi, imapotoka, imadzipinda pampando. Chitsulo chimakonda kuima chilili. Pamafunika kuchiumba kaye pampando ndi kamtengo, kuchipatsa makwinya, kenako n'kumata, ndipo chopentedwa kale chikapindidwa kwambiri penti imasweka. Ichi n'chifukwa chake kampani ina ya ku Czech Republic, HGW, inatchuka ndi malamba a nsalu yopyapyala amene munthu amawalowetsa yekha m'zomangira zachitsulo, limodzilimodzi, ndi zopanira ziwiri. Ndi ntchito yowawitsa msana ndi maso, koma pa 1/32 kusiyana kwake kumaonekera patali. Mpando umene malambawo amagonera nawonso umanyenga ambiri: pa Spitfire zochuluka sunali wachitsulo koma wa mapepala oumbidwa ndi utomoni, wofiirira, ndiye kuupenta ngati aluminiyamu n'kulakwa ngakhale malamba akongole bwanji.

Pali msampha wina umene sukhudza luso la manja. Limodzi mwa mapepala okongola kwambiri amene amagulitsidwa ndi la ma flap, tizitseko ta kumbuyo kwa mapiko timene timatsitsidwa potera. Lili ndi nthiti zambirimbiri, iliyonse yoti muipotoze n'kuimika payokha, ndipo likatha limakopa maso kuposa china chilichonse pa ndegeyo. Koma ma flap a Spitfire ankayenda ndi mpweya, anali ndi malo awiri okha, otseka kapena otsikiratu, ndipo akatsika ankatchinga mphepo yodutsa m'choziziritsira injini. Injini yake ya Merlin sinkachedwa kutentha ndege ili pansi, choncho woyendetsa ankawakweza akangotera. Pa zithunzi za nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Spitfire yoima pabwalo ma flap ali pansi imasowa. Munthu akhoza kuthera masabata pa ntchito yosalakwika n'kupanga chinthu chimene amakanika a 1943 akanachiona akanafunsa kuti chawonongeka n'chiyani. Amene ali ku Johannesburg ali ndi mwayi wokaona Spitfire yeniyeni kumalo osungirako zinthu zakale za nkhondo a Ditsong, ndipo kuzungulira ndege yoteroyo kwa ola limodzi kumayankha mafunso ambiri a chimene chili chopyapyala ndi chimene chili chobulungira.

Zambiri za m'chipinda cha woyendetsa zimabisika mbali ziwiri za thunthu la ndege zikalumikizidwa. Omanga ena amazichitabe, amajambula zithunzi asanatseke, ndipo amakhutira podziwa kuti zilimo. Sindiwatsutsa, nthawi ndi yawo. Koma woyamba kumene ndi bwino ayambe wagwirizanitsa mbali ziwirizo popanda guluu, asuzumire pakhomo, aone pamene diso likufika. Kuyesa kotereku kumaululanso vuto lina: PE ndi guluu wake zimawonjezera kukhuthala pang'ono, ndipo pa ndege ya Tamiya, imene tizidutswa take timalowana mothina, pang'ono pomwepo pamakwanira kuti thunthu likane kutsekeka.

Penti imagwira bwino pa pulasitiki koma pa chitsulo chosalala imangokhala pamwamba, ndipo tepi ikadutsapo imanyamuka nayo. Choncho pepala lonse amalipukuta ndi spiriti kuti mafuta a zala achoke, ena amalikwecha pang'ono ndi sandipepala yosalala lisanadulidwe, kenako amapaka penti yoyamba yopangidwira chitsulo. Pa masefa amapopera mopepuka kwambiri, chifukwa penti yokhuthala imatseka mabowo omwe aja n'kubweza khoma limene munathawa.

Masiku ano gawo lina la ntchito ya PE lalandidwa. Makina osindikiza zinthu a 3D amatulutsa injini, mawilo ndi mipando ya utomoni yokhala ndi mapaipi obulungira kale, ndipo pali zomata zotukuka zimene zimabwera ndi bolodi lonse la mageji, mabatani ake ali ndi mitu. Pa chionetsero cha Scale ModelWorld, chimene bungwe la omanga zoterezi la IPMS limachititsa ku Telford m'dziko la Britain mwezi wa Novembala, ndege imodzi imatha kukhala ndi pulasitiki, utomoni, nsalu, waya ndi brass pamodzi. Chimene chatsalira brass ndi masefa, zomangira malamba, tizitseko, zotchinga zopyapyala ndi m'mphepete monse mofunika kuthwa, zinthu zimene ngakhale kufakitale ya Supermarine, yopanga Spitfire zenizeni, zinkadulidwa pa pepala lachitsulo n'kupindidwa.